Waya wa sipeya wadya galimoto ya Che Saidi

Inu a shopu yokongoletsa maukwati pa Balaka, inu amene pakamwa panu sipachoka mawu akuti "zonse n'zotheka", mwamudyera munthu galimoto. Dzina la shopu sinditchula, mukudzidziwa nokha. Ndayesa kukhala chete. Ndayesa kupemphera. Koma zimene ndaona dzulo zandilaka, ndiye lero mundimva.

Ine ndine mayi wamasiye wa ku Utale, ndimagulitsa tomato ndi bonya. Mwana wanga Filomena anakwatiwa Loweruka lotsatira Khirisimasi. Galimoto ya akwati sindikanatha kuchita hayala, zimenezo sindibisa. Anandiombola ndi Che Saidi a ku Nsanama.

Che Saidi anali mnzawo wa malemu amuna anga kuyambira kale, nthawi imene awiriwo ankazungulira midzi ya ku Ngokwe pa njinga zakapalasa kugula thonje. Wina Mkatolika wa korona m'thumba, wina Msilamu wa kofia kumutu, koma ankadyera mbale imodzi. Ine amanditcha alamu mpaka lero. Anali ndi Sienta yoyera imene ankanyamulira anthu pakati pa Liwonde ndi Nsanama. Galimoto imeneyo ndiyo inali munda wawo, ndiyonso inkaphunzitsa ana awo. Ankaitsuka okha m'mawa uliwonse, mwana akaikhudza ndi manja a mango ankamva mawu. Ndi yomweyonso inatenga amuna anga pa ulendo wawo womaliza wa kuchipatala, ndipo Che Saidi sanalandire kanthu.

Atamva za ukwati anandiimbira foni okha. "Alamu, mwana wa mnzanga akwere galimoto ya hayala ine ndili moyo? Iyayi. Ngakhale mafuta musagule, ndibwera."

Lachisanu m'mawa, tsiku lotsatira Khirisimasi, tinakumana pa Balaka kuti galimoto ikongoletsedwe. Ine ndinkafuna maliboni oyera, mabaluni ndi duwa limodzi lalikulu pa boneti. Basi. Zimene aliyense amachita.

Mwini shopu anandiyang'ana ngati ndamutukwana. Akuti, "Mayi, maliboni okha? Chaka chino? Koma mwana wanuyo mumamukonda?" Anatulutsa katoni ya timagetsi ta Khirisimasi, tija timathwanima tofiira, tachikasu ndi tabuluu. Akuti akakulunga timeneti galimoto yonse, Utale yense adzasimba ukwati umenewu mpaka zidzukulu. Panopa m'pamene ndikuzindikira kuti Khirisimasi inali itadutsa, katundu anali atamutsalira, ankangosaka pomutayira.

Che Saidi anafunsa. Ndikufuna aliyense amve bwino pamenepa, munthuyu anafunsa.

"Achimwene, magetsi a buluuwa a trafiki sativuta nawo? Nanga mawaya a galimoto simundionongera?"

Mwini shopu anaseka mpaka kuomba m'manja. Akuti nyengo ya zikondwerero apolisi amalola. Akuti wakongoletsa magalimoto a mabwana osawerengeka, palibe ndi imodzi yomwe inagwidwapo. Akuti ali ndi katswiri wake wa zamagetsi. "Zonse n'zotheka, madala, mtima m'malo."

Che Saidi anatembenukira kwa ine, anapeza maso anga ali mu katoni muja. Ndinali nditayamba kale kuona Filomena akutsika mu galimoto yowala, mwana amene bambo ake sanakhalepo kuti amupereke. Anandimvetsa osafunsa. Anati, "Chabwino alamu, lero galimoto yanga ibatizidwe." Tinaseka tonse, ngakhale mwini shopu.

Nthawi ya swala ya Lachisanu itakwana, Che Saidi anandisiyira makiyi n'kupita ku mzikiti. Ine ndinakhala pa benchi kukhonde kwa shopu, chikwama pamwendo. Katswiri uja anatulukira ndi pulayazi m'thumba lakumbuyo. Anatsegula buti, anakanganula chivundikiro kuseri kwa nyale, anakoka mawaya. Anadula mmodzi, anagunditsa ku timagetsi, sitinayake. Anati, "Aaa, si ameneyu." Anamukankhira m'kati ndi chala n'kudula wina. Pamenepo timagetsi tinayaka.

Ndinafunsa. Nanenso ndinafunsa.

"Achimwene, nanga waya mwadula poyambayo simumulumikiza?"

Anandiyankha asakundiyang'ana n'komwe. "Ameneyo ndi wa sipeya, mayi."

Wa sipeya. Ine ndimadziwa tayala la sipeya. Koma ndine ndani ine wa tomato kuti nditsutsane ndi katswiri wa pulayazi? Che Saidi atabwera anapeza galimoto yavala kuyambira ku boneti mpaka ku buti, timagetsi tamatidwa ndi seloteipi m'mbali mwa denga monse. Ine ndinaimba nthungululu pakhonde pomwepo. Iwo anazungulira galimoto, anaponda matayala ndi phazi, anapukusa mutu akumwetulira. Za waya sindinawauze, chifukwa ndinali nditauzidwa kuti ndi wa sipeya.

Loweruka zonse zinayenda bwino. Ku tchalitchi bwino, ku perekaniperekani bwino, anthu anavina mpaka dzuwa linalowa. Kamvula kanayamba kuwaza pamene timanyamuka kuperekeza akwati kumudzi. Ine ndinakhala kutsogolo pambali pa Che Saidi, Filomena ndi mwamuna wake kumbuyo. Atayatsa magetsi, sindinama, zinakongola. Ana ankathamangira galimoto akukuwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Inu a kumudzi mukudziwa mmene timalandirira akwati. Galimoto yawo siingofika ngati ya feteleza. Amayi amaichingamira, amayala zitenje pansi, amavina kutsogolo kwake. Imaima, ankhoswe aponye kenakake, iyende pang'ono, iimenso. Che Saidi mwambowu ankaudziwa, ndipo tinapangana kuti amayiwo atidikire pa kanjira kolowera kumudzi. Koma amayi aja ataona kuwala kwachilendo kukubwera chapatali, mitima inawathamanga. Sanadikire. Anathamangira ku msewu waukulu, anatulukira pa kona ya mitengo ya mango zitenje zili m'manja, n'kulowa pakati pa msewu akuimba.

Che Saidi anaponda mabuleki. Akanatani? Awagunde?

Kumbuyo kwathu kunali kabaza wa njinga yamoto. Dzina lake ndinalidziwa pambuyo pake, ndi Limbikani, bambo wa ana ang'onoang'ono. Sanali wa ku ukwati, ankathamangira kwawo mvula isanakule. Anatiomba kumbuyo. Phokoso lake ndimalimvabe. Galasi lakumbuyo linamwazikira pa velo ya Filomena. Nthungululu zinasanduka kulira. Titatsika tinamupeza ali gone m'matope, mwendo utapindikira pamene mwendo supindikira, timagetsi tija tikumuthwanimira kumaso, tofiira, tabuluu, tofiira.

Che Saidi sanafunse kuti walakwa ndani. Anatsitsa akwati, anavula jekete n'kumuyalira, anamunyamula ndi abambo ena n'kuthamangira naye kuchipatala. Mwana wanga anafika kumudzi wapansi, atanyamula diresi m'manja, matope mpaka m'mawondo. Galimoto inalowa pa geti la chipatala ikuthwanima ngati ya disko, m'kati munthu akubuula, chifukwa katswiri wanu sanaike ngakhale pozimitsira. Kuti timagetsi tizime kunali kuzimitsanso nyale zakutsogolo.

Kumudzi aliyense ankatilimbitsa mtima. Akuti wogunda kumbuyo ndiye wolakwa, zimenezo ngakhale mwana amadziwa. Nanenso ndinakhulupirira choncho mpaka apolisi atamufunsa Limbikani ali pa bedi. Iye anati, "Ine zofiira ndinkaziona zikuyaka n'kuzima kuyambira kutali. Ndikanadziwa bwanji kuti tsopano waima?"

Wapolisi wina anakhala pampando wa galimoto ija n'kuponda buleki, mnzake ataima kumbuyo. Palibe chinayaka. Anapondanso. Zii. Anatsegula buti, anakanganula chivundikiro chija, anatulutsa waya wodulidwa, ali pomwe chala cha katswiri chinamusiya. Waya wa sipeya uja anali wa magetsi a mabuleki.

Ndinafotokoza zonse, za shopu, za pulayazi, za mzikiti. Wapolisiyo anali waulemu, sindimunena. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Mayi, ndamva. Koma amene anailowetsa galimotoyo pamsewu ndi mwini wake, ndiponso ndiye ankayendetsa. Lamulo limayamba ndi iyeyo." Anatiuzanso kuti magetsi a buluu othwanima si a galimoto ya munthu wamba. Ndinati koma a shopu anati nyengo ya zikondwerero mumalola. Anandifunsa kuti, "Anakuuzani kuti lamulo limapita ku holide?"

Che Saidi anagona m'chitokosi. Munthu wa ndevu zoyera, amene sanaimepo pa bwalo ngakhale pa mlandu wa mbuzi yodya chimanga, anavula lamba ndi nsapato pa kauntala chifukwa cha ukwati wa mwana wanga. Atatuluka pa belo anapita kwa a inshuwalansi ndi mapepala ake onse ali bwinobwino. Kumeneko anawauza kuti iwo anavomera galimoto mmene inalili, osati yodulidwa mawaya ndi kupachikidwa zinthu iwo osadziwa. Anakana. Ndiye zonse zinagwera munthu mmodzi: chindapusa cha kukhoti, chipepeso cha Limbikani amene sangakwerenso njinga posachedwa, ndi njinga yomweyo, yomwe inali ya bwana wake.

Apa m'pamene ndinabwerera ku shopu kwanu. Sindinabwere kudzapempha ndalama, musaname. Ndinkafuna chinthu chimodzi: mupite ku polisi ndi kwa a inshuwalansi mukanene zoona, kuti waya anadula ndi munthu wanu mwini galimoto ali ku mzikiti. Ndinkaganiza kuti mwina mtolo ukagawidwa, galimoto ipulumuka.

Ulendo woyamba ndinapeza mtsikana wa pa kauntala akupenta zikhadabo. Akuti abwana apita ku Limbe kukaoda katundu. Ndinafunsa abwera liti. Akuti, "Kaya, sanena." Ndinapempha nambala ya foni. Akuti saloledwa.

Ulendo wachiwiri akuti abwana angotuluka kumene. Koma nsapato zawo zinali pakhomo la kachipinda kakumbuyo, ndipo m'katimo munthu ankatsokomola. Ndinadikira pa benchi lomwe lija mpaka dzuwa linapendeka. Wotsokomolayo sanatuluke. Ndinasiya tomato wanga akuolera kunyumba kuti ndidzamvere chifuwa cha munthu kuseri kwa chitseko.

Ulendo wachitatu ndinalawira, ndinawapeza akutsegula loko. Kothawira kunalibe. Ndinawapatsa moni mwaulemu, ndinafotokoza modekha, misozi ndikuimeza.

Akuti, "Pepani mayi, koma ife timakongoletsa, sitiyendetsa."

Ndinati nanga katswiri wanu uja?

Akuti si wawo. Akuti anali waganyu chabe, anangomuitana pamsewu, panopa sakudziwa kumene ali. Tsiku lija anali "katswiri wanga", lero ndi wapamsewu! Kodi pulayazi anatola pamsewu pomwepo? Nanga ndalama ya ntchito ndinapereka m'manja mwa ndani?

Ndinati munatiuza kuti apolisi amalola. Akuti, "Ndinalemba pati?"

Kenako anandifunsa funso limene sindidzaiwala mpaka kumanda. "Mayi, tiyeni tikambe chilungamo. Tsiku lija munasangalala kapena simunasangalale? Si inu munaimba nthungululu pakhonde panopa?"

Inde ndinaimba, bambo. Ndinaimba chifukwa ndinakukhulupirirani. Nkhuku nayo imathamangira chimanga cha amene wabisa mpeni.

Ndikutembenuka kuti ndizipita, anandiitananso. Mtima unati mwina chisoni chawagwira. Akuti, "Komanso mayi, timagetsi tija tinali tobwereka. Mutibweretsere, pali ukwati wina kumapeto kwa mwezi." Ndinati tili ku polisi, ndi umboni. Akuti ndiye ndikawauze apolisiwo afulumire. Munthu ali pa bedi ndi chitsulo m'mwendo, wina akuyenda m'makhoti, inu mukufuna timagetsi tanu kuti mukakulunge galimoto ya wina?

Pasanapite nthawi ndinamva kuti Che Saidi agulitsa galimoto. Sanandiuze okha, ndinamva kwa akazi awo. Analipira zonse, anapitanso kwa Limbikani ndi thumba la ufa, n'kukhala chete. Ndinawatumizira mbuzi zanga ziwiri, anazibweza tsiku lomwelo. Akuti, "Pangali kandu, alamu, palibe mlandu. Mbuzizo ndi za zidzukulu zikubwerazo." Paja amati chifundo chinapha nkhwali. Ine ndinkauona ngati mwambi chabe mpaka nkhwaliyo inakhala munthu amene ndimamudziwa.

Manyazi anandimanga miyendo, ku Nsanama sindinapondeko. Dzulo m'pamene ndinalimba mtima. Ndinagwira tambala, ndinathyola chimanga chachiwisi, ndinati ndikawaone ndi maso. Pa Liwonde ndinakwera Sienta yoyamba imene inali kudzaza, osayang'ana. Titayenda pang'ono ndinaona kachigamba pa mpando wakutsogolo, kosokedwa ndi ulusi wakuda. Ndinakadziwa. Pamalo pena titaima ndinasuzumira kunja, m'mbali mwa denga munali mizere ya zomata za seloteipi, fumbi litakakamira. Ndinali nditakwera galimoto ya Che Saidi.

Ndinafuna kutsika. Ndisanatsegule pakamwa, dalaivala anaimanso pa kamsika kena. Panali mkulu wa kofia, thumba la matemba lili pambali, dzanja lili m'mwamba. Anali iwowo. Aonda. Tsopano amagulitsa matemba m'misika.

Dalaivala, mnyamata wa nyimbo m'makutu, anati, "Madala, mipando yatha. Lowani kubuti ndi thumba lanulo."

Analowa. Anapinda miyendo, anakumbatira thumba, msana unatsamira pa chivundikiro chomwe chija. Atakweza maso anandiona. Ine ndinkafuna nthaka ing'ambike. Iwo nkhope inawala.

"Alamu! Mwaswera bwanji? Filomena ali bwanji ku banja? Mwamuna akumusamala?"

Ndinangogwedeza mutu, tambala ali pamwendo.

Mayi wina atatsika, chitseko chokoka cha m'mbali chinakana kutsekeka. Dalaivala anachimenya, chinabwerera. Anachimenyanso akutukwana amene anamugulitsa bwana wake chiphapha. Kubuti kunamveka mawu ofatsa.

"Mwanawe, usachimenye. Chikweze pang'ono, kenako ukoke. Chimamva."

Mnyamata anakweza pang'ono, anakoka, chinatseka bwinobwino. Anaseka. "Aaa, madala, mwadziwa bwanji?"

"Ndinakwerapo."

Basi. Ine ndinalira kuyambira pamenepo mpaka pa Nsanama, anthu n'kumaganiza kuti ndikupita ku maliro. Potsika ndikumasula mfundo ya chitenje kuti ndilipire, anandigwira dzanja. Akuti mlendo wawo salipira. Anatulutsa ndalama zonunkha matemba, analipira ya iwo ndi yanga, mu galimoto imene ankaitsuka okha m'mawa uliwonse. Inanyamuka, anaiyang'ana mpaka inakhota, kenako anasenza thumba n'kunena kuti tiyeni alamu, kunyumba akatiphikire tiyi.

Ndiye abale anga a ku Balaka, a ku Liwonde, a ku Ntaja, ndimvereni. Maukwati akubwera, Idi ikubwera, Khirisimasi ibweranso. Munthu akakutulutsirani katoni ya timagetsi, muuzeni akakulunge nyumba yake. Akagwira pulayazi pafupi ndi galimoto, makamaka yobwereka, mugwireni dzanja. Musanyamuke wina asanaponde buleki inu mutaima kumbuyo. Zikavuta, wokongoletsa sapezeka ku polisi. Amapezeka ndi amene anakuchitirani chifundo. Ndadutsa pa shopu ija sabata yatha, ndaona akukulunga njinga yamoto ya kabaza timagetsi tatsopano.

Ndipo inu a "zonse n'zotheka", ndiyankheni pano pagulu. Katswiri wanu ali kuti? Ndi wapolisi uti anakuuzani kuti amalola? Mumagona bwanji? Che Saidi anakhululuka, ndi mmene analeredwera. Ine sindinakhululuke, ndipo mlandu suola. Timagetsi tanu tili ku polisi, mukatenge nokha, mukafotokozenso kuti n'tanu. Mukatero mukwere Sienta pa Liwonde, mukatsike pa Nsanama, mukafunse mkulu wa matemba, mukamuyang'ane m'maso.

Waya munati ndi wa sipeya. Galimoto ya sipeya Che Saidi alibe.